Intavyu ndi kukambirana malipiro ku kampani yotsatsa malonda: zokonzekera ndi zofunsa

Funso limene limagwetsa anthu ambiri pa intavyu ku kampani yotsatsa malonda limabwera kumapeto, munthu atatopa kale: “Nanga mukuyembekezera malipiro a ndalama zingati?” Apa ndi pamene munthu amene wayankha bwino mafunso ena onse amangoti, “Zilizonse zimene kampani ingakwanitse, bwana,” kapena amatchula nambala imene waitola m'mutu nthawi yomweyo. Yankho loyambalo limapereka mphamvu zonse kwa olemba ntchito, ndipo iwo sangakupatseni zambiri mutanena nokha kuti zochepa zikukwanirani. Lachiwirilo limakumangirirani pa nambala imene simunawerengere kuti akachotsapo msonkho ndi penshoni idzatsala zingati. Kukonzekera funso limeneli kumayamba masiku angapo intavyu isanafike, ndipo poyambira pake ndi kumvetsa mmene makampani amenewa amapezera ndalama.

Ndalama za ejensi zimachokera kuti

Kampani yotsatsa malonda, imene anthu a ntchitoyi amangoti ejensi, sigulitsa sopo kapena shuga. Imagulitsa nthawi ndi luso la antchito ake kwa makasitomala monga mabanki, makampani a foni, opanga zakumwa ndi mabungwe omwe si aboma. Ndalama zimalowa m'njira zingapo. Pali retainer, pamene kasitomala amalipira ndalama yokhazikika mwezi ndi mwezi kuti ejensi izimusamalira masamba a Facebook, izimulembera mauthenga ndi kumukonzera zithunzi. Pali ntchito za kamodzi, monga kukhazikitsa katundu watsopano pamsika kapena kuyenda ndi galimoto ya zoimbira m'ma trading centre. Pali komishoni: ejensi ikagulira kasitomala mpata pa MBC, Zodiak kapena Times, kapena tsamba mu The Nation kapena The Daily Times, imapezapo gawo lake, limene mwachizolowezi cha ntchitoyi linkakhala 15 peresenti ngakhale kuti masiku ano amachita kukambirana. Ndiye pali kaphindu kamene amaonjezera pa zosindikiza, monga ma T-shirt, makalendala ndi zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Izi zikukhudzani m'njira ziwiri. Choyamba, amene akukufunsani mafunso ali ndi funso limodzi mumtima: kodi munthu uyu tingamuike pa kasitomala uti, ndipo kasitomalayo akhutira? Yankho lililonse limene mungapereke liziwathandiza kuyankha funso limeneli. Chachiwiri, mphamvu zanu pokambirana malipiro zimadalira chifukwa chimene mpatawo wapezekera. Ngati ejensi yangopambana kumene kasitomala wamkulu wa retainer ndipo ikufuna munthu sabata yamawa, ndalama zilipo ndipo akufulumira. Ngati akulemba anthu poyembekezera kuti mwina apambana ntchito ina, ndalamazo zikadali m'malere. Funsani mwaulemu: “Kodi mpata umenewu wabwera chifukwa wina wachoka, kapena pali kasitomala watsopano? Ndidzagwira ntchito ndi makasitomala angati?” Mafunso awiriwa amaulula zambiri. Munthu mmodzi akapatsidwa makasitomala asanu ndi atatu, ndiye kuti akugwira ntchito ya anthu awiri, ndipo mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo.

Pali chinanso chimene ongoyamba kumene sachidziwa. Makasitomala ambiri amalipira ejensi patapita masiku 30, 60 kapena 90 chilandirireni invoice. Ejensi yaing'ono imene ilibe ndalama zosungira imachedwetsa malipiro a antchito kasitomala mmodzi akachedwa. Choncho kufunsa kuti malipiro amalowa tsiku liti pamwezi si mwano. Ndipo ngati mukudziwa wina amene anagwirapo ntchito pamalopo, mufunseni funso lomweli, chifukwa iyeyo ndiye adzakuuzeni zoona.

Zokonzekera musanapite

Pezani maola awiri kapena atatu oti muone ntchito za ejensiyo. Onani tsamba lawo la Facebook ndi LinkedIn, lembani mayina a makasitomala awo, kenako yang'anani masamba a makasitomalawo pamodzi ndi a opikisana nawo. Mverani wailesi m'mawa ndi madzulo. Ngati muli ku Blantyre, zikwangwani za mumsewu wa Masauko Chipembere zikuuzani amene akutsatsa kwambiri nyengo ino. Sankhani kampeni imodzi imene yakusangalatsani, mukonze chifukwa chomveka, ndi ina imene mukanaisintha pang'ono. Potchula yachiwiriyo samalani pakamwa, pakuti mwina amene anaipanga ndi yemwe wakhala patsogolo panuyo. Nenani chimene mukanaonjezera, monga kuika nambala ya WhatsApp pachithunzi kuti anthu afunse mtengo mosavuta.

Satifiketi ya ku MUBAS, ya ku MIJ kapena ya CIM (bungwe la ku UK lopereka mayeso a ntchito yotsatsa malonda) imakulowetsani pakhomo, koma chimene chimakupatsani ntchito ndi portfolio, zitsanzo za ntchito zimene munapangapo zoikidwa pamodzi. Musaikemo zonse zimene munapangapo. Ntchito zisanu kufika zisanu ndi zitatu n'zokwanira, ndipo iliyonse ikhale ndi zinthu zinayi: vuto limene kasitomala anali nalo, chimene munapanga, gawo limene linali lanu ngati munali gulu, ndi chotsatira chake m'manambala. Gawo lanulo nenani moona. Anthu a ntchito imeneyi ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi ochepa ndipo amadziwana, moti kudzitama ndi ntchito ya mnzanu kumaululika ndi foni imodzi. Musaulule bajeti ya kasitomala wakale. Mukhoza kunena kuti ofunsa mtengo anachuluka kawiri m'miyezi itatu osatchula ndalama zimene zinalowapo. Amene amaulula zinsinsi za kwa bwana wakale amaonetsa kuti adzaululanso za kwa bwana watsopano.

Portfolio ikhale pa laputopu kapena pa foni ngati PDF, ikhalenso pa flash, ndipo masamba awiri kapena atatu abwino kwambiri muwasindikize. Kudalira intaneti ya pamalopo kapena magetsi n'kudziika pa msampha. Amene simunagwirepo ntchito pa kampani, musabwere chimanjamanja. Tsamba la saluni ya achemwali anu limene munaliyendetsa miyezi inayi, zithunzi zoitanira anthu ku mwambo wa kwaya, kapena kampeni yongoyerekeza ya katundu wodziwika imene mwalembapo poyera kuti ndi yongoyerekeza, zonsezi n'zooneka ndipo zimaposa kunena chabe kuti mumakonda ntchitoyi.

Mpata uliwonse uli ndi pamene amakuyesani. Wojambula pa kompyuta adzafunsidwa za kukonza fayilo yopita kosindikiza, kusiyana kwa CMYK (mitundu ya posindikiza) ndi RGB (mitundu ya pa sikirini), ndi chifukwa chake chithunzi chowala pa foni chimatuluka chozimiririka pa banala. Account executive, amene ndi mlatho pakati pa kasitomala ndi ojambula, adzayesedwa pa kulemba brief (chikalata chofotokoza zimene kasitomala akufuna) yomveka, kutsatira masiku ndi kutumiza lipoti la msonkhano tsiku lomwelo. Wolemba mauthenga adzapatsidwa uthenga wa pa wailesi wa masekondi 30. Apa ambiri amagwa chifukwa amalemba m'Chingerezi kenako n'kumasulira. Mawu a Chichewa ndi aatali, choncho zimene zakwana m'Chingerezi zimasefukira, ndiponso zimamveka zachilendo m'khutu. Lembani mwachindunji m'Chichewa, werengani mokweza muli ndi wotchi m'manja, ndipo musiye masekondi atatu kapena anayi a nyimbo ndi dzina la katundu.

Wa social media ayenera kudziwa manambala ake pamtima. Ngati munagwiritsa ntchito madola 50 pa Facebook ndipo uthenga unaonekera ka 100,000, ndiye kuti CPM yanu, mtengo wa kuonekera ka 1,000, inali masenti 50. Ngati mwa anthuwo 40 anatumiza uthenga wofunsa mtengo, wofunsa mmodzi anadya dola imodzi ndi masenti 25. Nambala yachiwiriyi ndiyo imene kasitomala amaisamala. Ma like salipira lendi. Kudziwanso kuti zotsatsa za pa Facebook ndi Google zimafuna ndalama zakunja, ndi kuti kusowa kwa ndalama zakunja kungaimitse kampeni pakati, kumasonyeza kuti ntchitoyi munaigwiradi. Ndipo musalankhule ngati Amalawi onse ali pa intaneti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Kampeni ya mbewu kapena ya sopo imene yaiwala wailesi, kuphatikizapo mawailesi a m'madera ndi zinenero monga Chitumbuka ndi Chiyao, yaiwala ogula ambiri.

M'chipinda cha intavyu

Fikani mphindi 15 nthawi isanakwane, muvale mwaudongo ngakhale kuti antchito a pamalopo amavala ma jinzi, ndipo mupereke moni kwa aliyense kuyambira pa geti. Ngati intavyu ili pa Zoom kapena Teams, gulani bandulo yokwanira, tchajani foni ndi laputopu, ndipo muwapatsiretu nambala yoti akuimbireni netiweki ikadula.

Akati “tiuzeni za inu,” sakufunsa mudzi ndi mfumu. Mphindi ziwiri zikwane: ntchito imene mumagwira, zinthu ziwiri zimene mwachita zokhala ndi zotsatira, ndi chifukwa chimene mwasankhira ejensi imeneyi. Funso limene limasiyanitsa anthu ndi longa ili: “Kasitomala wakana ntchito yonse Lachisanu 4 koloko madzulo ndipo akufuna yatsopano Lolemba m'mawa. Mutani?” Yankho lakuti mugwira usiku wonse limamveka lodzipereka, koma limasonyeza kuti simudziwa kuteteza nthawi ya gulu. Yankho labwino limayamba ndi kuimbira kasitomala kuti mumve chenicheni chimene chakanidwa, kubwerera ku brief imene anavomereza, kudziwitsa amene akukuyang'anirani, kenako kugwirizana chimene chingatheke pofika Lolemba ndi chimene chidikire Lachitatu. Nthawi zambiri chimene chakanidwa chimakhala chithunzi chimodzi kapena mutu wa uthenga, osati ntchito yonse.

Adzafunsanso za kampeni imene sinayende bwino. Khalani nayo yokonzeka, munene chimene chinalakwika, mbali imene inali yanu, ndi chimene munasintha pambuyo pake. Angafunsenso zimene mungachite kasitomala akafuna kuti mulembe zinthu zimene katundu wake sachita. Kumbukirani kuti bungwe la CFTC, loona za mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula, limalanga makampani osocheretsa ogula, ndipo dzina la ejensi limaipa limodzi ndi la kasitomala. Pa funso lakuti mukuchokeranji kumene muli, musanyoze abwana anu ngakhale atakhala ovuta chotani. Nenani chimene mukufuna kuphunzira kapena kukula kwa makasitomala amene mukufuna kugwira nawo ntchito.

Ntchito yoyesera

Maejensi ambiri amapereka ntchito yoti mukachitire kunyumba, ndipo palibe cholakwika. Yoyenera imatenga maola awiri kufika anayi, imakhala ya kasitomala wongopeka kapena ya kampeni imene inatha kale, ndipo amakupatsani tsiku limodzi kapena awiri. Chenjerani ikakhala ya kasitomala weniweni amene ejensi ikumufuna pakali pano, n'kumakuuzani kuti mukonze dongosolo la miyezi itatu, zithunzi khumi ndi bajeti. Imeneyo ndi ntchito yolipidwa imene yavala malaya a mayeso. Mukhoza kuyankha kuti mukonza ganizo lalikulu ndi zitsanzo ziwiri, ndipo zotsalazo mudzafotokoza pamaso. Tumizani PDF yokhala ndi dzina lanu pa tsamba lililonse, mafayilo osinthika a Photoshop kapena Illustrator musunge, ndipo mu imelo mulembe kuti ntchitoyi ndi ya intavyu yokha. Akanena kuti mubwere mudzayesedwe sabata imodzi kapena mwezi, gwirizanani ndalama za masikuwo ndipo zilembedwe musanayambe. Koma aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa intavyu ndi wakuba.

Kuwerengera nambala yanu

Tengani pepala mulembe manambala atatu. Yoyamba ndi ya pansi, imene simungatsike kupitirira apo. Ipezeni pophatikiza lendi, thiransipoti ya masiku 22 ogwira ntchito, chakudya, mayunitsi a magetsi, madzi, fizi, thandizo lopita kumudzi ndi kangachepe kosunga. Yachiwiri ndi imene mukufunadi. Yachitatu ndi yoyambira kukambirana, yokwera pang'ono kuposa yachiwiri kuti mukhale ndi potsikira.

Kuti yachiwiriyo isakhale maloto, funsani anthu osachepera atatu amene akugwira ntchito yofanana ndi imeneyo. Amalawi sitikonda kuulula malipiro athu, ndiye musafunse kuti “mumalandira zingati.” Funsani kuti, “Munthu wa zaka zitatu pa ntchito ya account executive amayambira pati n'kulekezera pati masiku ano?” Funso lotere anthu amayankha momasuka. Anzanu a m'kalasi ya CIM, anthu amene anachoka pa ejensiyo, ndi ogwira ntchito ku nthambi zotsatsa malonda za mabanki ndi makampani a foni ndiwo oyenera kuwafunsa. Pofananitsa kumbukirani kuti kawirikawiri makampani akuluakulu amalipira bwino kuposa maejensi amene amawagwirira ntchito.

Tsopano pamene ambiri amapwetekera. Ndalama zimene mwaphatikiza papepala zija ndi zolowa m'thumba, za net, pamene olemba ntchito amalankhula za gross, msonkho ndi penshoni zisanachoke. Tiyeni tiwerengere pogwiritsa ntchito magawo a msonkho wa pa malipiro (PAYE) amene anayamba mu April 2024. K150,000 yoyamba sinkadulidwa msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, kuchokera pa K500,000 kufika K2,550,000 inali 30 peresenti, ndipo yopitirira apo 35 peresenti. Munthu wa gross ya K800,000 ankadulidwa K87,500 pa gawo lachiwiri ndi K90,000 pa K300,000 yotsalayo, msonkho wonse K177,500. Penshoni ya 5 peresenti ndi K40,000. Zolowa m'thumba zinali K582,500. Amene anamva “800” n'kuyamba kufunafuna nyumba ya K300,000 anadabwa pa kutha kwa mwezi. Onaninso kuti pa gawo limenelo, K100,000 iliyonse yoonjezera inkabweretsa K65,000 yokha m'thumba. Choncho wofuna K700,000 ya m'manja anayenera kupempha gross ya pafupifupi K980,000. Magawo a msonkho amasintha ndi bajeti ya boma, ndiye tengani atsopano ku MRA musanawerengere, koma kawerengedwe kake ndi komweka. Ndipo nambala iliyonse ikatchulidwa m'chipindamo, funsani nthawi yomweyo: “Imeneyo ndi gross kapena net?” Safunsa anadya phula.

Kukambirana kwenikweniko

Nthawi yabwino yokambirana ndalama ndi pamene anena kuti akukufunani. Asanatero, muli mmodzi mwa anthu asanu. Akatero, abwerera kale kwa kasitomala kapena kwa mwini kampani n'kunena kuti munthu wapezeka, ndipo kuyambiranso kufufuza ndi chintchito. Funso la malipiro likabwera molawirira, yesani kubweza mwaulemu. Intavyu zambiri zimachitika m'Chingerezi, koma mfundo yake ndi iyi: “Ndikanakonda ndimve kaye kukula kwa ntchitoyi. Kodi kampani inakonza malipiro oyambira pati kufika pati pa mpata umenewu?” Ena amayankha, ndipo mukatero mwadziwa bwalo limene mukusewera. Akaumirira kuti mutchule inu, tchulani manambala awiri, ndipo ya m'munsiyo ikhale imene mukufunadi, chifukwa khutu la olemba ntchito limamva ya m'munsi yokha. Mukati “pakati pa 700 ndi 900,” mwapempha 700.

Mukatchula nambala, khalani chete. Anthu ambiri amaopa bata, ndiye amayamba kudzitsitsa okha: “komabe tikhoza kukambirana, ngakhale zochepera apo ndingalandire.” Abwana sanayankhe n'komwe, inu mwachotsa kale K100,000. Dikirani alankhule.

Akafunsa zimene mukulandira panopa, musaname, chifukwa ena amapempha payslip. Tchulani zonse pamodzi, malipiro, ma alawansi, chithandizo cha kuchipatala ndi bonasi, kenako mubwerere ku ntchito yatsopanoyo: kuno makasitomala ndi ambiri, udindo ndi wokulirapo, ndipo mtengo wake pamsika ndi wakuti. Malipiro ochepa a kumene mukuchoka asakutsatireni moyo wonse.

Akakupatsani nambala yawo, thokozani, sonyezani kuti ntchitoyo mukuifuna, ndipo mupemphe tsiku limodzi kapena awiri kuti muone zonse zitalembedwa. Pobwerera, zifukwa zanu zikhale za ntchito. Kunena kuti lendi yakwera kapena muli ndi ana atatu n'zoona, koma aliyense mu ofesimo ali ndi mavuto omwewo, ndipo abwana sangakweze malipiro pa chifukwa chimenecho popanda kukwezera onse. Chimene angathe kuteteza pamaso pa mwini kampani ndi chonga ichi: “Bwana, ndathokoza kwambiri ndipo ndikufuna kubwera. Mwanena kuti ndidzasamalira makasitomala anayi, komanso ndidzajambula ndi kukonza mavidiyo ndekha, ntchito imene panopa mumalipira munthu wakunja. Poona zimenezi, ndikupempha K950,000 gross. Mukafika pamenepo ndisaina lero.” Chiganizo chomalizacho n'champhamvu chifukwa chikuwauza kuti nkhani ithera pomwepo. Kupempha 10 kufika 20 peresenti pamwamba pa zimene apereka sikudabwitsa munthu. Kupempha kawiri kuchuluka kwake kumasonyeza kuti simunafufuze, kapena kuti ntchitoyo si ya msinkhu wanu. Bwererani kamodzi, mwina kawiri. Kachitatu mumayamba kutopetsa anthu amene mudzakhale nawo tsiku ndi tsiku. Dziwaninso amene ali ndi mphamvu: pa ejensi yaing'ono ndi mwiniwake, ndiye ngati mukulankhula ndi wina, mupatseni zifukwa zoti akanene mosavuta.

Musanene kuti kwina akukupatsani zambiri ngati si zoona. Akangoti “pitani konko,” mwatsala pa mtetete.

Chinthu chimene tikuona kuti n'chofunika kuposa K50,000 yoonjezera ndi tsiku lounikanso malipiro. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu 2024 kukwera kwa mitengo ya zinthu kunapitirira 30 peresenti. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti pa chaka, K800,000 imagula zimene K615,000 inkagula chaka chapitacho. Munthu amene malipiro ake sanasinthe zaka ziwiri wadulidwa malipiro ngakhale payslip ikuoneka chimodzimodzi. Funsani kuti malipiro amaunikidwa mwezi uti, ndiponso kuti anakwezedwa liti komaliza. Akanena kuti muyambe ndi zochepa ndipo adzakweza mukatha probation (nthawi yoyesedwa pa ntchito), vomerani pokhapokha nambala yatsopanoyo ndi tsiku lake zilembedwe m'kalata. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mawu akuti “tidzaona mukakhazikika” amaiwalika, makamaka amene anawanenayo akachoka pa kampani.

Malipiro akakana kusuntha

Nthawi zina bajeti imakhaladi yothina, koma zinthu zina zimatheka chifukwa zimachokera m'thumba lina la kampani. Ntchito ya pa ejensi imadya mayunitsi ndi bandulo, ndiye zimenezi zikhale za kampani ndipo ndalama yake itchulidwe. Laputopu ndi mapulogalamu monga a Adobe, amene amalipidwa m'madola, asakhale a m'thumba mwanu. Mukagwiritsa ntchito kamera kapena laputopu yanu, pemphani ndalama ya pamwezi ndipo mugwirizane amene adzakonzetse ikawonongeka. Funsani za thiransipoti yobwerera kunyumba mukaweruka usiku minibasi zitatha, za alawansi ya chakudya ndi malo ogona mukapita ku ma roadshow (maulendo otsatsa malonda m'ma trading centre), ndiponso ngati imaperekedwa musananyamuke kapena mutabwerako. Pa chithandizo cha kuchipatala, monga cha MASM, funsani kuti ndi sikimu iti, kampani imalipira gawo lanji, ndipo ana ndi akunyumba alowamo kapena ayi. Fizi ya mayeso a CIM imalipidwa m'mapaundi, choncho kampani ikavomera kulipira ngakhale theka, ndi ndalama yooneka. Dzina la udindo nalonso ndi chuma: kulembedwa kuti account manager m'malo mwa account executive kudzakweza mtengo wanu pa ntchito yotsatira.

Komishoni yobweretsa kasitomala watsopano imakoma m'khutu ndipo ndi imene imadanitsa anthu kwambiri. Mawu akuti “5 peresenti” alibe tanthauzo mpaka mutadziwa kuti ndi 5 peresenti ya chiyani. Kasitomala akalipira K20 miliyoni, mwina K16 miliyoni ikungodutsa kupita ku mawailesi ndi osindikiza, ndipo ya ejensi ndi K4 miliyoni. Komishoni yanu ingakhale K1 miliyoni kapena K200,000. Zilembedwe kuti ikuwerengedwa pa ndalama iti, ikulipidwa liti, kasitomala akasaina kapena akalipira, ndiponso kwa miyezi ingati.

Za maola owonjezera musachite nazo manyazi, chifukwa pa ejensi kugwira ntchito Loweruka ndi usiku n'chizolowezi. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo ya tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma ilipidwe kawiri. Funsani mmene kampaniyo imachitira. Ena amapereka tsiku lopuma m'malo mwa ndalama, ndipo ngati ndi choncho, zikhale zolembedwa.

Kalata ndi kontirakiti

Lonjezo la pa foni kapena pa WhatsApp si ntchito. Dikirani kalata yosainidwa, muiwerenge muli phee kunyumba. Ionetse dzina la udindo, gross, ma alawansi aliyense payekha, tsiku lolandirira, kutalika kwa probation, masiku a tchuthi ndi notisi. Lamulo limapereka masiku a tchuthi osachepera 15 pa chaka kwa ogwira ntchito masiku asanu pa sabata, ndi 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Probation siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo makampani ambiri amaika itatu kapena isanu ndi umodzi. Pa nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa ntchito popanda notisi, ndiye probation yaitali ndi chiopsezo kwa inu amene mwasiya ntchito yokhazikika. Pemphani miyezi itatu, komanso mufunse zimene adzayang'ane pokutsimikizani.

Pa penshoni, olemba ntchito amaikapo osachepera 10 peresenti ndipo inu 5 peresenti. Funsani kuti amawerengera pa nambala iti, chifukwa makampani ena amaika basic (malipiro enieni opanda ma alawansi) yochepa ndi ma alawansi ambiri, zimene zingachepetse penshoni yanu. Funsaninso dzina la kampani yosunga penshoniyo, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mukatenge sitetimenti kuti muone ngati ndalama zikufikadi. Kudulidwa pa payslip ndi kufika kwa ndalamazo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Maejensi ena amalemba anthu ngati consultant, munthu wodziimira payekha osati wantchito wa kampani. Pamenepo simukhala ndi penshoni, tchuthi cholipidwa kapena chithandizo cha kuchipatala, mudzafunika TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ya ku MRA, ndipo pa ndalama zanu adzadulapo withholding tax, msonkho umene amadula asanakulipireni. Ngati mwavomera njira imeneyi, mtengo wanu ukwere kuti ukwirire zimene mwatayazo, ndipo muzitenga satifiketi ya msonkho umene wadulidwa. Yang'ananinso ndime ziwiri zimene anthu amazidumpha: yoletsa maganyu apadera, ndi yonena za umwini wa ntchito zimene mudzapange. Ngati muli ndi makasitomala anu ang'onoang'ono, atchuleni tsopano ndipo chilolezo chilembedwe. Pemphaninso kuti ntchito zimene zatuluka kale poyera muziloledwa kuziika mu portfolio yanu.

Kalata yosiya ntchito kumene muli muipereke mutasaina yatsopanoyo, osati musanatero. Kwa olandira pamwezi notisi imakhala mwezi umodzi, pokhapokha kontirakiti yanu itanena zoposa apo, ndiye tsiku loyambira kwatsopanoko mugwirizane mukuwerengera zimenezi. Abwana akale akakukwezerani malipiro kuti musachoke, funsani nambalayo ilembedwe, ndipo muiyerekeze ndi zonse za kwatsopanoko, osati gross yokha. Mukatsimikiza zochoka, lembani mndandanda wa ntchito zimene zili pakati, perekani mafayilo onse, ndipo masamba a Facebook a makasitomala amene munali admin muwasamutsire kwa amene akutsala, n'kusunga imelo yosonyeza tsiku limene munachita zimenezo.